Opeka Nyimbo za Ngoma ku Ulongwe

Chitulukireni makina olemba a ChatGPT mu 2022, ena akuti ntchito ya olemba ndi opeka nyimbo yatha. Akadamvera ngoma ya Angoni ku Ulongwe sakadatero. Wopeka nyimbo kumeneko amaudziwa mudzi wake: nyakwawa yokondera pogawa minda, wogula mbatatesi wobera alimi pa sikelo. Nyimbo yake imaluma chifukwa mawa adzakumana ndi amene wamuimbayo pamsika kapena pamaliro, ndipo kulimba mtima kotereku nkofunika ulemu. Inde, makina amalemba msanga, Chinyanja adzachidziwanso bwino. Wina angatinso Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005, amabisa nkhope, choncho si onse amene amadziwika. Koma amayi oyankhira nyimbo pabwalopo amadziwika mayina, ndipo akalakwitsa mawu mfumu imawaitanitsa. Makina palibe angawazenge mlandu.