Chuma chowerengera munthu mmodzimmodzi: buku la J. Doyne Farmer

Making Sense of Chaos, buku la J. Doyne Farmer lomwe linatuluka mu 2024, likutsutsa momwe akatswiri ambiri a zachuma amalosera zam'tsogolo. Iwo amaganizira munthu mmodzi wosalakwitsa powerengera phindu, n'kumuyesa woimira dziko lonse. Farmer, wa pa yunivesite ya Oxford, akuti m'malo mwake tilenge m'kompyuta mabanja, makampani ndi mabanki ambirimbiri ongoyerekezera, aliyense ndi khalidwe lake ndi zofooka zake, tiwasiye agulitsane ndi kukongozana, tione chotsatira.

Umboni wake ndi wogwira mtima. Mliri wa Covid-19 utayamba mu 2020, gulu lake linalosera kuti chuma cha Britain chitsika ndi 21.5 peresenti kuyambira Epulo mpaka Juni, ndipo ziwerengero za boma zitatuluka sizinapite patali. Akufotokozanso za msika wa nyumba ku Washington, komwe chifaniziro chotere cha m'kompyuta chinaonetsa kuti mitengo inakwera kwambiri chifukwa mabanki anafewetsa malamulo a ngongole, osati chifukwa cha chiwongoladzanja chokha.

Ntchito yotere imalemera kompyuta imodzi. Chifaniziro chimayendetsedwa kambirimbiri, ulendo uliwonse mwayi ndi tsoka zikugwa mosiyana, choncho amagawira makompyuta ambiri kuti agwire nthawi imodzi. Kwathu kuno zifaniziro zotere zilipo kale. Thanzi la Onse, ntchito yomwe agwirira limodzi Unduna wa Zaumoyo, Kamuzu University of Health Sciences ndi mayunivesite a ku Britain, imatsata Amalawi ongoyerekezera mmodzimmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa: malungo, HIV, chifuwa chachikulu, ngakhale likodzo lomwe lazunza midzi ya m'mbali mwa nyanja, komanso ngati kuchipatala apeza mankhwala ndi namwino.

Wowerenga wa ku Nkope, m'mbali mwa nyanja, aganiza msanga za chambo. Nyanja ya Malombe inatha chambo popanda munthu mmodzi wofuna kuti zitero. Mwini ukonde aliyense ankangosamala banja lake. Nkhani yotere njira ya Farmer ingaifotokoze bwino kuposa masamu akale, ndipo ingayese ngati kutseka nyanja kwa miyezi ingapo pachaka n'kokwanira.

Koma apa m'pomwe bukuli likundiperewera. Zitsanzo zake zambiri n'zochokera ku maiko komwe malonda ndi ngongole zimalembedwa. Pa doko la Nkope, usipa umagulitsidwa pa chidebe, alovi amagawana ndi mwini chilimira mwa pangano la pakamwa, ndipo asodzi amasamuka kutsata nsomba. Makompyuta munthu atha kubwereka pa intaneti, koma wokhala padoko m'bandakucha kulemba zonsezi ayenera kulipidwa, ndipo Farmer sakukhalitsa pa vuto la maiko ngati lathu.

Bukuli ndi la Chingerezi, masamu ake ndi ochepa, ndipo limawerengeka. Ndingakonde litafika m'manja mwa a Dipatimenti ya Zausodzi ndi ophunzira a ku Malawi College of Fisheries ku Mpwepwe.