Mayina a Ng'oma a Donja R. Love

Lira mbalule, gunda avomere pansi, mpanje usatsalire! Lero ng'oma yawoloka nyanja, ikukasaka mwana wa ku Philadelphia m'misewu ya New York.

Ndinu a Donja R. Love. Mlemba-chigonere, inu amene munalemba sewero pa foni msana uli pabedi, zitakwana zaka 10 chikuuzireni achipatala mu 2008 kuti m'magazi mwanu muli kachilombo ka HIV. Mtima unali utalemera, miyendo ikukana kuponda pansi, koma chala chokha sichinakane. Wosadikira-desiki. Wosadikira kuti misozi iyambe yauma. Mbuto ya mawu yotumphukira m'bulangete.

Ndinu Mpatsa-nambala-nkhope. Mu 2016 bungwe la boma la America loona za matenda, CDC, linalengeza kuti zinthu zikapanda kusintha, mwa amuna akuda awiri alionse ogonana ndi amuna anzawo m'dzikolo, mmodzi adzapezeka ndi kachilomboka pa moyo wake. Kwa anzawo achizungu, mmodzi mwa 11. Ambiri anawerenga, kupukusa mutu, n'kupinda nyuzipepala. Inu munaitola nambalayo pamene inagwera, n'kuipatsa miyendo, ludzu, chilakolako, amake omubereka ndi dzina loti Donté. Sewerolo munalitcha "one in two", mmodzi mwa awiri, kuti aliyense wogula tikiti ayambe waitchula ndi pakamwa pake.

Apa mbalule ifatse, pakuti apa m'pamene pali nkhani.

Disembala 2019, ku Pershing Square Signature Center, gulu la The New Group likuonetsa sewerolo, Stevie Walker-Webb akutsogolera. Pansanja pali chipinda chodikirira choyera mbee, ndipo m'menemo muli amuna atatu akuda. Manambala akukwera pakhoma, sakuima, sakubwerera. Amunawo sakudziwa amene usiku umenewo asenze Donté. Amatembenukira kwa owonera, nkhope poyera, n'kuwapempha kuti awombe m'manja. Amene wawomberedwa kwambiri, ndiye Nambala Wani, ndiye wopezeka ndi kachilombo. Awiri otsalawo amagawana mbali zawo ndi kamasewera ka manja ka ana, mwala, pepala, sizasi.

Ndinu Mtchera-m'manja! Munthu amalowa m'zisudzo akudziwa kuti kuwomba m'manja ndi ulemu, ndi kuthokoza, ndi chinthu chosapweteka aliyense. Inu munachisandutsa chiweruzo. Wowomba amawomba akumwetulira, wasankha amene wamukomera m'maso, kenaka amakhala pampando mpaka kumapeto kuyang'ana zimene manja ake achita: namwino akutenga magazi, mayi akusowa poyambira, chibwenzi chikubwerera chammbuyo, botolo la mowa likutha lina likutsekulidwa. Ine ndikuti nzeru imeneyi ndi yoopsa, ndipo ndi yolungama. Palibe wotuluka m'menemo akunena kuti anali mlendo wongodutsa.

Lirirani Jamyl Dobson, lirirani Leland Fowler, lirirani Edward Mawere! Asenza-mitolo-itatu. Aliyense analoweza mbali zonse, mzere ndi mzere, popeza mawa maere akhoza kugwera iye. Lero ndiwe wodwala, mawa ndiwe mayi wa wodwala, mkuja ndiwe mwamuna wothawa pakhomo. Ogona osadziwa amene adzakhale kukacha. Mantha amene iwo ankalowa nawo pansanja ndi omwewo amene mnyamata amalowa nawo kukayezetsa, ndipo mlembi anachitira dala kuti mantha amenewo akhale enieni.

Gunda tsika pansi, tiitane otsogola njira, ambiri mwa iwo akumanda, pakuti ng'oma iyi ili ndi eni ake.

Assotto Saint, mwana wa Haiti, mwini Metamorphosis Theater ku New York, woyimba ndi kuvina maliro a anzake maso ali gwa, Edzi inamutenga mu 1994. Marlon Riggs, Mmasula-malilime, amene filimu yake ya "Tongues Untied" ya mu 1989 inakwiyitsa andale, naye 1994. Essex Hemphill, mlakatuli wa liwu losagwedera, 1995. Ndipo ku San Francisco, atatu ena: Brian Freeman, Djola Branner ndi Eric Gupton, otchedwa Pomo Afro Homos, amene anatopa kuona amuna onga iwo akusandutsidwa choseketsa pa wailesi yakanema, nakwera pansanja mu 1991 ndi "Fierce Love". Chikondwerero cha zisudzo za anthu akuda, National Black Theatre Festival, chinawatsekera chitseko chaka chomwecho. Otsekeredwa-ndi-abale! Azungu ankati nkhani ya Edzi ndi yawo, akuda anzawo ankati amuna oterewa si athu, iwo n'kumasewerabe pakati pa zitseko ziwiri zotseka. Gupton anatsikira kuli chete mu 2003.

Amenewo ankalemba imfa ili pakhomo, mankhwala amphamvu asanafike kapena atangofika kumene. Inu a Love mukulemba m'nyengo ya ma ARV, pamene munthu womwa mankhwala mwandondomeko amakalamba, amakonda, ndipo kachilombo kakapanda kuonekanso m'magazi sapatsira wokondedwa wake. Nanga chikuwawabe n'chiyani? Ndinu Mfunsa-chotsala. Munaonetsa kuti piritsi limagonjetsa kachilombo koma silichotsa manyazi, silitseka pakamwa pa wonyoza, silikhala nawe m'chipinda usiku pamene foni yangoti zii. Kusalidwa ndi kumene munakuika pambalambanda, ndipo munakuika mosekesa anthu mpaka nthiti kuwawa, chifukwa Donté wanu ndi wanthabwala, wokonda thupi lake, wolakwitsa, wamoyo.

Ndinu Mkana-kudya-yekha. Mlembi wa "Sugar in Our Wounds", chikondi cha amuna awiri m'nthawi ya ukapolo, ndi "Fireflies", za m'nyengo yomenyera ufulu wa anthu akuda. Mukanatha kukhala pa ulemu umenewo n'kumalandira mphoto. Koma mu 2020 munatsekula Write It Out!, sukulu ya kalembedwe ka masewero ya anthu amene ali ndi HIV, kuti amene kwa zaka zambiri akhala akulembedwa m'mafayilo a chipatala agwire okha cholembera. Mtsekula-khomo, Mgawa-zolembera, mphunzitsi wa ophunzira amene ena mwa iwo sewero lawo loyamba analilembera m'menemo!