Luso la David Mills Loweta Wotchi

Wotchi ya m'kompyuta imadalira kamwala ka quartz, ndipo kukatentha kapena kuzizira imathamanga kapena kutsalira. Amene anaiweta ndi David Mills, yemwe anaphunzitsa zaka zambiri pa University of Delaware. Ndondomeko yake ya NTP inasindikizidwa mu 1985, ndipo nzeru zake n'zogometsa. Kompyuta imafunsa nthawi kwa maseva angapo, n'kuwerengera nthawi imene yankho lathera m'njira, kenako n'kunyalanyaza seva yonama. Ikapeza kusiyana pang'ono, siilumphitsa wotchi ayi. Imangoifulumizitsa kapena kuichedwetsa pang'onopang'ono, kuti zochitika zisalembedwe mosemphana. Gwero la nthawiyo ndi mawotchi a atomu. Mills anamwalira mu 2024, koma mapulogalamu ngati chrony akutsatirabe ndondomeko yakeyo.