Kodi Nkhonya Zokha Zingapange Mwini Filimu?

Mwera ukakalipa pa Senga Bay asodzi sapalasa. Mabwato amagona pamchenga, ndipo anyamata amene akanakhala ali pakati pa nyanja kusaka usipa amapezeka atathithikana pamabenchi m'kanyumba ka vidiyo, maso ali tong'o, kuonerera amuna a ku China akuthibulana. Filimu ikatha, ana amatuluka ndi kuyamba kuponyerana mateche m'mphepete mwa madzi. Inu makolo a ku Lifuwu, ku Chipoka ndi pa Kamuzu Road mwaziona zimenezi, ndipo mwina ena mwa inu mwamvapo mwana wanu akulumbira kuti akadzakula adzakhala mwini filimu, pakuti karate akuidziwa kale.

Tsono funso lathu mwezi uno nali: kodi munthu wodziwa kumenya ndiye kuti wadziwanso kusewera filimu yomenyana? Ife tikuti iyayi, ndipo chifukwa chake chili m'ndewu momwemo.

Wankhonya weniweni amaphunzitsidwa kubisa. Chibakera amachiponya mwachidule ndi mofulumira kuti mdani asachione, ndipo akalasidwa amalimbitsa nkhope kuti mnzakeyo asadziwe kuti chamupweteka. Pa kanema zonsezi amazitembenuza. Chibakera chiyenera kuoneka chikubwera kuti ngakhale wokhala pabenchi yakumbuyo achione. Kawirikawiri sichifika n'komwe pathupi. Chimangodutsa pafupi, kamera itaikidwa poti mpatawo usaoneke, ndipo phokoso lija lakuti phaa! amachita kuliikamo pambuyo pake. Amene amatikhulupiritsa kuti nkhonyayo inali yolemera ndi wogwa uja, m'mene wapotolera khosi ndi m'mene wagwera. Kotero ndewu ya m'filimu ndi sewero kuyambira pachiyambi pomwe.

Ambiri akamatsutsa zimenezi amatchula Bruce Lee. Komatu munthu ameneyu anadziwa kamera asanadziwe kung fu. Bambo wake, Lee Hoi-chuen, anali katswiri wa zisudzo zoimba za ku Hong Kong, ndipo Bruce, amene anabadwa mu 1940, anali ataoneka m'mafilimu pafupifupi 20 asanakwanitse zaka 19. Mu 1958 anapambana mpikisano wa gule wa cha-cha. Luso lomenya anaphunzira kwa Ip Man, zoonadi, ndipo linali luso lenileni. Koma kumbukirani chimene chinakugwirani mtima mu Fist of Fury ya mu 1972: mnyamata akudzigwetsa pamanda a mphunzitsi wake mvula ikukhuthuka, akufukula dothi ndi manja. Kumbukiraninso Way of the Dragon ya chaka chomwecho, pamene wapha mdani wake ku Rome, kenaka natenga malaya ndi lamba wa wakufayo ndi kumufunditsa mwaulemu. Pamenepo palibe theche ngakhale limodzi. Atamwalira mu 1973 panabuka anthu omutsanzira, ena odzitcha Bruce Li, ena Bruce Le. Mateche ankawatha, kukuwa ankakutha, koma nkhope ija analibe, ndipo lero owakumbukira ndi owerengeka.

Nkhani ya Jackie Chan ndiyo imatiphunzitsa kwambiri. Iye anakula zaka 10 pa sukulu ya zisudzo ya Yu Jim-yuen, pamodzi ndi Sammo Hung, kumene ana ankaphunzira kuimba, kudumpha, kugwa ndi kumenyana kwa pabwalo la masewero. Mu 1976 anamuika mu New Fist of Fury kuti akhale Bruce Lee watsopano, waukali ndi wosaseka. Filimuyo siinayende. Thupi linali lomwelo, mphamvu zomwezo; chimene chinasowa ndi munthu woti oonerera amukonde. Mu 1978, mu Snake in the Eagle's Shadow ndi Drunken Master, anamulola kuchita zimene amatha: kuopa, kuthawa, kukupiza dzanja chifukwa cha ululu atamenya mutu wouma wa mdani. Mmenyi wa m'bwalo lenileni sangayerekeze kuonetsa zotere, koma pa kanema ndi zimenezi zinamupatsa dzina.

Tisabise mawu, pali mboni ina yooneka ngati yotitsutsa. Chuck Norris, uja anafunditsidwa malaya ku Rome, anali ngwazi yeniyeni. Anatenga lamba wa karate mu 1968 nausunga zaka 6. Pa zisudzo, kunena zoona, nkhope yake inali ngati chitseko chotseka, komabe Missing in Action ya mu 1984 inadzaza nyumba za vidiyo. Yankho lathu ndi lakuti nayenso anachita kukaphunzira zisudzo, atalimbikitsidwa ndi wophunzira wake wa karate, Steve McQueen, amenenso anamulangiza kuti azichepetsa zolankhula. Anapeza munthu mmodzi amene ankatha kumusewera, msilikali wosalankhulalankhula, nakakamira pomwepo. Ndi luso lochepa, koma ndi luso ndithu. Mnzake Joe Lewis, amene m'bwalo anali woopsa chimodzimodzi, anayesa ndi Jaguar Lives! mu 1979 ndipo sanapite patali. Kumbali inayi kuli Michelle Yeoh wa ku Malaysia, amene anayamba ndi kuvina, osati kumenya. Analowa m'mafilimu omenyana ndi Yes, Madam! mu 1985, ndipo mu 2023 analandira mphotho ya Oscar.

Pa mlandu umenewu ife a kunyanja ndife oweruza abwino kuposa m'mene timadziganizira. Wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mu 1999, ndipo isanafike ambiri tinaonera mafilimuwa m'nyumba za vidiyo, Chingerezi chake chothamanga tisakuchimva, Chitchaina nanji. Komabe panalibe wosokonezeka kuti wolakwiridwa ndani, wachinyengo ndani, ndipo mwini filimu wayamba liti kupsa mtima. Tinkawerenga maso, mapewa ndi kayendedwe. Zimenezi sizachilendo kwa Achewa: Chadzunda akamalowa m'bwalo akutsimphina, palibe amene amafunika kumuuza kuti kwafika nkhalamba yaulemu wake. Pambuyo pake kunabwera anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, amene amathiramo nthabwala zawo ndi maina a kwathu kuno. Ena mwa iwo ndi aluso, ndipo nthawi zina amachita kumunyamula mwini filimu wouma nkhope. Komatu tcherani khutu: pamene wosewerayo ali wodziwa ntchito yake, womasulira sasowa kuwonjeza zambiri.

Nanga mwana uja wa pamchenga timuuze chiyani? Masiku ano foni ya m'manja imajambula, ndipo achinyamata ena ayamba kupanga timafilimu tawo. Sitikuona chifukwa chowaletsera. Karate aphunzire kwa mphunzitsi wodziwa, koma alowenso m'gulu la zisudzo la kusukulu, kumene adzaphunzire kuimirira pamaso pa anthu, kudikira nthawi yake ndi kumvetsera mnzake. Chimene chimatidetsa nkhawa tikamaonerera masewera awo ndi chakuti aliyense amafuna kukhala woponya, palibe wofuna kukhala wogwa. N'chifukwa chake theche limafika pathupi penipeni, sewero lija limasanduka ndewu, ndipo madzulo mayi wina amapita kukadandaula kwa mnansi wake, mwana ali ndi mlomo wotupa.

Akadzaoneranso Enter the Dragon ya mu 1973, muwauze ayang'anitsitse. Wonenepa uja amene Bruce Lee akumugwetsa koyambirira kwa filimu ndi Sammo Hung. Ndipo pakati pa alonda amene akukunthidwa m'phanga muja, mmodzi amene Bruce akumugwira tsitsi ndi kumuthyola khosi, wongooneka kanthawi kochepa, ndi Jackie Chan, ali ndi zaka zosakwana 20.