Munda wa Miyala wa ku Tengenenge

Munthu woimirira pa gombe la Zambezi ku Feira, kumene lero kuchedwa Luangwa, amapenya Zumbo tsidya la mtsinje wa Luangwa, ndi Kanyemba tsidya la Zambezi. Kuseri kwa mapiri a kum'mwera kwa Kanyemba kuli dziko la Guruve, limene kale linali Sipolilo, m'Zimbabwe. Kumeneko ndiko kuli Tengenenge, mudzi wa amisiri osema miyala amene sanaphunzire luso lao m'sukulu.

Mudziwu unayamba m'caka ca 1966 pa munda wa fodya wa Tom Blomefield. Boma la Ian Smith litadzilamulira lokha mu 1965, maiko anakana kugula fodya wa ku Rhodesia, ndipo anchito a m'minda anasowa pogwira. Wosema wina, Crispen Chakanyuka, anaonetsa Blomefield mwala wa serpentine umene unali pa malo ace. Tsono anthu amene anazolowera khasu anatola nyundo ndi cisulo. Ambiri a iwo anali acilendo, Acewa ndi Ayao ocokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, pamodzi ndi ena a ku Angola.

Mmodzi wa iwo ndiye Fanizani Akuda, Mcewa wobadwira ku Zambia mu 1932, amene anamwalira mu 2011. Iye anayamba monga wokumba miyala cabe, koma pambuyo pace anadziwika kutali. Anthu ace a mwala ali ndi mitu yobulungira ndi maso ong'ambika pang'ono ngati a munthu woseka, ndipo ena asongoza milomo kuyimba mluzu. Mphamvu ya nchito yace iri m'kudziletsa. Mwala saucotsa wambiri, ndipo mzere umodzi umkwanira kuonetsa cikondi ca mai ndi mwana. Komatu cirema ciriponso. Ogula akakonda nkhope ina, mmisiri amayesedwa kuibwereza, kufikira dzanja lisema lokha mtima uli kwina. Bvuto limeneli lagwira amisiri ambiri a pa Tengenenge.

Ngakhale ziri tero, woweruza amene aona fano limodzi lokha m'nyumba yoonetsera ku London kapena ku Amsterdam sanaone Tengenenge. Cinthu cacikuru ndi malo eni ace. Mafano zikwizikwi aimirira pa zitsa pansi pa mitengo, mmisiri ali yense ndi bwalo lace. Mlendo amamva kulira kwa nyundo, naona mwala ulikutenthedwa pa moto ndi kupakidwa phula kuti uwale. Fano lina liri loyera ndi pfumbi, lina lamera ndere cifukwa mwini wace anamwalira kale. Fano likakwera galimoto limapulumuka mvula, koma limasiya anzace, ndipo kawirikawiri limatayanso mtundu wa mwini wace. Amalonda anapatsa nchito yonseyi dzina lakuti zosema za Ashona, motero dzanja la Mcewa, amene anakulira pafupi ndi zinyau za gule wamkuru, linabisika m'dzina la eni dziko.

Malo otere safa msanga pokhala mwini ali moyo. Cimene ciwapha ndi imfa yace. Ku Revolver Creek, pafupi ndi Barberton m'South Africa, wanchito wa pa munda, Nukain Mabuza, anapaka miyala ya pa phiri utoto wa mizere ndi madontho. Iye anamwalira mu 1981, ndipo popeza panalibe wobwerezapo utoto, dzuwa ndi mvula zinafafaniza zambiri. Koma ku Nieu-Bethesda, Helen Martins anadzaza bwalo lace ndi akadzidzi, ngamira ndi anthu a simenti ndi magalasi. Atamwalira mu 1976, nyumba yace, Owl House, inasungidwa, ndipo Koos Malgas, amene anaumba naye mafanowo, anabwerera kudzakonza osweka. Kusiyana kwa malo awiriwa sikunali m'luso ai, koma m'kupezeka kwa osamala. Tengenenge yakhalapo kufikira tsopano cifukwa ana anaphunzira pa mapazi a atate ao, ngakhale Blomefield anamwalira mu 2020.

Nkhaniyi iri ndi mau kwa mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu ku Feira. M'midzi ya Ansenga ndi Acikunda muli amai okometsa zipupa ndi dothi lamitundumitundu, ndi abambo osema ngalawa, mitondo ndi mipando. Wodziwa kulemba angathe kupita kwa mmisiri mwaulemu, kupempha cilolezo, kulemba dzina lace, mudzi wace ndi tanthauzo la zimene wapanga, ndi kujambula cithunzi cinthu ciri pa malo pace. Angathenso kulambula udzu kuti moto wa m'cirimwe usafike. Nchito imeneyi iyenera kucitika mmisiri akali ndi mpweya wakuyankha, pakuti madzi akatayika saoleka.