Buledi wa Afalansa ndi Ululu wa Angelezi

Pa msonkhano wathu wapitawu mnzathu wina anaŵerenga ndakatulo yonena za mlimi ndi njala, ndipo msana wa ndakatuloyo unali liu limodzi, pain. Pofotokoza iye anati Afalansa amatchula buledi ndi liu lomwe Angelezi amatchulira ululu chifukwa makolo a ku Ulaya anazindikira kuti chakudya chimadza ndi thukuta. Tonse tinaomba m'manja, ine ndemwe, koma pobwerera ku chipinda ndinayamba kukayika.

Ndakatuloyo ndilibe nayo mlandu, pakuti mlakatuli ali ndi ufulu woseŵera ndi mau. Chimene ndikutsutsa ndi ndemanga ija, imene inasandutsa mwai kukhala mbiri. Pain wa Chifalansa anachokera ku liu la Chilatini panis, buledi, kholo lomwenso la pão wa Apwitikizi. Pain wa Chingelezi anachokera ku poena, chilango, ndipo anadzera m'liu la Chifalansa chakale, peine, limene linaloŵa m'Chingelezi Anomani atalanda England mu 1066. Mau aŵiriŵa si pachibale. Angokumana papepala, ndipo pakamwa samvekanso chimodzimodzi.

Tengani burro. Kwa Apwitikizi ndi Asipanishi ndi nyama yosenza katundu, ndipo bulu wathu tinamutenga kwa Apwitikizi ndi dzina lomwelo. Kwa Ataliyana burro ndi mafuta opaka pa buledi, ochokera ku butyrum, liu limenenso linabala butter wa Angelezi ndi batala wathu. Kodi tinene kuti Ataliyana akale ankakama abulu?

Nthaŵi zina chibale chimakhalapodi, koma matanthauzo anapatukana. Gift ndi mphatso m'Chingelezi, koma m'Chijeremani ndi chiphe. Onse aŵiri anaphuka pa tsinde lotanthauza kupatsa: kwa Ajeremani chopatsidwacho chinadzakhala mlingo wa mankhwala, kenaka chiphe. Tanthauzo lakale likadalipo m'liu lawo Mitgift, chuma chimene mkwatibwi amapita nacho ku ukwati. Mnzathu akadasankha liu ili akadapeza mbiri yeniyeni, yoŵaŵa kuposa imene anapeka.

Ife Acheŵa sitiyenera kugwa m'mbuna yotere. Timalemba mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika ndi zilembo zomwezo, koma khutu limasiyanitsa pomva kukwera ndi kutsika kwa mau, ndipo palibe amati nkhalango ndiyo inabala malonda. Nanga bwanji tikaona zilembo za Azungu timazikhulupirira msanga chotere?

Tsono pempho langa kwa mnzathuyo ndi ili: ndakatulo aisunge monga iliri, buledi ndi ululu zigundane m'menemo, popeza kugundanako kukugwira mtima. Koma ndemanga aichotse. Mtanthauziramau wofotokoza magwero a mau ali m'laibulale, ndipo kumutsegula sikutenga mphindi zisanu. Tisanaombe m'manja ulendo wina, tiyeni tiyambe tamufunsa.