Malipiro a Mayi: Lamulo la Nchito ndi Ulaliki Wathu

Gawo 6 la Lamulo la Nchito la chaka cha 2000 likulamula kuti nchito zolemera mofanana zilipidwe mofanana, wogwirayo akhale mwamuna kapena mkazi. Mfundoyi si yachilendo, pakuti Malaŵi adavomera pangano la ILO la malipiro ofanana m'chaka cha 1965. Koma lamulo liyenera kuyesedwa ndi moyo wa anthu, monga amayi a ku Zingwangwa amene amalaŵira mbandakucha kunka ku mafakitale a ku Makata, ku masitolo a ku Limbe ndi ku nyumba za ku Sunnyside. Tikaliyesa motero, tipeza ming'alu itatu.

Woyamba ngwakuti kusiyana kwa malipiro kumabisala m'maina a nchito. Mwamuna atchedwa kapitawo kapena woyendetsa makina, mkazi atchedwa wothandizira, ngakhale thukuta lawo nlimodzi. Boma lomwe, poika malipiro otsikitsitsa m'chaka cha 2024, lidati K90,000 pa mwezi kwa anchito wamba, koma K52,000 kwa anchito a m'nyumba, kumene kuli amayi ochuluka.

Wachiŵiri ngwakuti Lamulo la 2013 lofananitsa amuna ndi akazi, pofuna kuti mbali iliyonse isachepere 40 mwa 100 polemba anthu nchito, likunena za m'boma mokha. Makampani silikuwamanga.

Wachitatu ngwakuti lamulo limadikira wodandaula. Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma mayi wosadziŵa zimene mnzake wamwamuna amalandira, wopanda kalata ya nchito, woopa kuchotsedwa akaima, adzafika bwanji ku Bwalo la Milandu ya Nchito?

Ife ansembe ndi aseminale tili ndi gawo lathu pa mlanduwu. Papa Yohane Paulo II, m'kalata ya Laborem Exercens ya 1981, adaphunzitsa za malipiro okwanira kusunga banja. Ambiri amamva chiphunzitsochi ngati chikunena bambo yekha, nayesa ndalama za mayi ngati zandiwo chabe. Kumva koteroko nkopereŵera. Kalata yomweyo ikukana kusala akazi pa nchito, ndipo m'kalata yake kwa amayi ya 1995 Papayo adapempha poyera malipiro ofanana. Ku Zingwangwa amasiye ndi amayi osiyidwa ndiwo mitu ya mabanja ambiri. Lendi, ufa ndi fizi sizitsika mtengo chifukwa wolipira ndi mkazi.

Tsono tisanadzudzule eni makampani, titsekule mabuku a maparishi athu, tiŵerenge zimene timapatsa mayi wophika ndi wochapa pambali pa zimene timapatsa dalaivala. Katekisimu amaika kumana wanchito malipiro ake m'gulu la machimo ofuulira kumwamba, ndipo sapatulapo nyumba ya ansembe.